Mutu 6: Sowo, Puleni ndi Mwala Wonolera ku Shikabeta

Dziko la Mfumukazi Shikabeta lili m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka, kumpoto kwa msewu waukulu wa Great East Road, kumene mapiri amayamba kutsetserekera ku mtsinje wa Lunsemfwa ndi chigwa cha Luano. Eni dera ndi Asoli, ngakhale Chinyanja chimamveka ponseponse. Boma la Rufunsa ndi latsopano ndithu, chifukwa analidula ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, ndipo kuchoka ku Lusaka kukafika kwa Shikabeta ndi ulendo wa makilomita oposa 150, mbali yomaliza ili yafumbi. Nkhalango ya miombo ndiye yakuta mapiri. Mlendo angaganize kuti kumalo kotere matabwa ndi ongotola, koma mtengo woimirira ndi thabwa louma, loongoka, lokonzeka kupalidwa n'zotalikirana kwambiri, ndipo pakati pake pali lamulo, thukuta ndi miyezi yodikira.

Mutu uno ndi wa munthu amene akufuna kuyamba ntchito ya matabwa chifukwa chongoikonda: mphunzitsi amene Loweruka limamutalikira, mlimi amene wakolola mu Meyi ndipo mvula ikadali kutali mpaka Novembala, mtsikana amene watopa kumva kuti puleni ndi ya amuna. Zida zamagetsi tizisiye. Midzi yambiri kuno ilibe magetsi a ZESCO, ndipo ngakhale mu Lusaka momwe, chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima kupitirira theka la tsiku, makina a amisiri ali duu. Amene ankadziwa sowo ndi puleni anapitiriza ntchito.

Yambani ndi kusema

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Yoyamba ndi kusema, pamene chinthu chonse chimatuluka m'chipika chimodzi: mtondo, munsi, mpini, mthiko, chipande, ng'oma, bwato. Imeneyi ndi yakale m'midzi yathu, ndipo zida zake ndi nkhwangwa, kasemasema ndi mpeni. Yachiwiri ndi ukalipentala, wocheka matabwa, kuwapala ndi kuwalumikiza kuti apange chitseko, tebulo kapena bokosi. Iyi inafala ndi mamishoni ndi sukulu za ntchito zamanja. Ku Malawi, Overtoun Institution ya ku Livingstonia, imene Robert Laws anatsegula mu 1894, inkaphunzitsa ukalipentala pamodzi ndi kumanga ndi kusindikiza, ndipo amisiri ake anamwazikana kukagwira ntchito m'maiko oyandikana nawo.

Woyamba kumene amathamangira yachiwiriyo chifukwa ndiyo imaoneka ya ulemu. Ine ndikuti yambani ndi yoyamba. Aphunzitsi ake alipo kale m'mudzi, zida zake zili kale kuseri kwa chitseko, ndipo mthiko umodzi umaphunzitsa zimene tebulo limadzafunsa pambuyo pake. Ku Sweden, m'zaka za m'ma 1870, Otto Salomon anakonza maphunziro a ntchito zamanja pasukulu ya Nääs motsata nzeru yomweyi: mwana ankayamba ndi mpeni ndi kanthu kakang'ono ka m'nyumba, zida zina n'kumabwera chimodzichimodzi. Masiku ano ku Ulaya ndi ku America kuli anthu okhala ndi magetsi osazima amene amalipira ndalama zambiri kuti aphunzire kusema supuni ndi nkhwangwa, luso limene agogo a kwa Shikabeta sanalitaye.

Tengani nthambi yaiwisi, yoongoka, yopanda mfundo, yonenepa ngati mkono. Musaicheke m'litali, muiwaze pakati ndi nkhwangwa, chifukwa mtengo wowazidwa umang'ambika motsata mitsempha yake ndipo mthiko wake suthyoka m'nsima yolimba. Mtengo uli ngati mtolo wa udzu wofolera nyumba womangidwa zolimba: kuugawa m'litali n'kosavuta, kuudula chopingasa n'kovuta, ndipo mukausisita molowera kunsonga umagona pamene mukaubwerera umanyamuka. Posema muona kuti mpeni ukamatsika kuchokera ponenepa kupita powonda, mtengo umasalala, koma ukamakwera umakumba n'kung'amba. Chimenecho ndicho chidzachitikanso pansi pa puleni. Chenjezo limodzi pa ziwiya za chakudya: mwavi ndi nkhadze ndi mitengo ya poizoni, ndipo mapolo obiriwira kapena akuda onyikidwa m'mankhwala oteteza chiswe sasemedwa mthiko, sasonkhedwanso pamoto wophikira. Funsani amayi a m'mudzi mtengo umene iwo amaukhulupirira.

Mukatha mthiko, semani mpini. Akuluakulu amasankha pamene nthambi yatuluka pa thunthu kuti pakhale mutu, chifukwa pamenepo mitsempha inapotana ndipo sing'ambika msuka wa khasu wotenthedwa pamoto ukamalowetsedwa. Mmisiri amene wamvetsa chifukwa chimenechi sadzakhomanso msomali kumapeto kwenikweni kwa thabwa n'kumadabwa kuti lang'aluka.

Zida zochepa

Bokosi la woyamba lisalemere. Sowo imodzi, puleni imodzi, matchizulo atatu, sikweya, tepi, hamala, pensulo, mpeni ndi mwala wonolera n'zokwanira chaka chonse choyamba. Chiboolero chopukusa ndi manja chingabwere pambuyo. Nyundo yamtengo yomenyera tchizulo musagule, semani nokha, ndipo geji yolembera mizere mungaipange ndi kathabwa ndi msomali wonoledwa.

Pogula sowo m'mashopu a zitsulo ku Chongwe kapena ku Lusaka, yang'anani mano. Ngati nsonga zake ndi zakuda mobiriwira, ndiye kuti anaziumitsa ndi moto ku fakitale. Sowo yotere imadula bwino ikadali yatsopano, koma tupa siigwira, ndiye ikabuntha mwataya. Kwa munthu wokhala kutali ndi shopu, yabwino ndi ya mano oyera wamba, yotalika masentimita 55 kapena pamenepo, ya mano 7 kapena 8 pa inchi, imene mungainole nokha ndi tupa ya makona atatu kwa zaka zambiri. Mano a sowo amapindidwa pang'ono, lina kumanja lina kumanzere, kuti mpata umene ikudula ukule kuposa chitsulo chake. Sowo ikamakanirira m'thabwa, kawirikawiri kupindika kumeneku ndiko kwatha.

Puleni yachitsulo imene amisiri ambiri amagwira ndi ya mtundu umene Leonard Bailey wa ku America anaukonza, ndipo kampani ya Stanley inagula ufulu woupanga mu 1869. Kampani ya Record ya ku Sheffield inapanganso ofanana nawo, ndipo masiku ano ambiri ofika kuno ndi opangidwa ku India ndi ku China motengera omwewo. Nambala 4 ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 24, mpeni wake masentimita 5 m'lifupi, ndipo ndi yosalazira. Nambala 5 imafika masentimita 35 ndipo imaongola thabwa bwino chifukwa siitsata tizigwa ting'onoting'ono. Ngati ndalama ikulola imodzi yokha, ine ndingatenge nambala 5. Yakale yadzimbiri isakuopseni, dzimbiri limachoka ndi sandipepa. Chokana ndi mng'alu pafupi ndi pakamwa pamene mpeni umatulukira, kapena pansi popotoka, zimene mungaone posanjika rula yachitsulo n'kuyang'ana kudzuwa.

Matchizulo a mamilimita 6, 12 ndi 25 amakwanira. Osula zitsulo a m'midzi amatha kusula tchizulo ndi kasemasema kuchokera ku masipuling'i a galimoto yakufa, ndipo chitsulo chimenecho n'chabwino ngati wosulayo amadziwa kuchiumitsa.

Sikweya muiyese musanapereke ndalama. Igunditseni m'mphepete mwa thabwa loongoka, lembani mzere, itembenuzeni, n'kulembanso pomwepo. Mizere iwiriyo ikasiyana, sikweyayo ndi yabodza, ndipo zonse zimene mudzapange nayo zidzakhala zopendekera popanda inu kudziwa chifukwa chake.

Kunola

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amagula puleni yatsopano, kufika kunyumba, kuikankha pathabwa, iyo n'kumalumpha ndi kukumba. Akayesa kawiri katatu amaiponya pansi pa bedi n'kunena kuti alibe mphatso. Vuto silinali mphatso ayi. Zida zambiri zimachoka ku fakitale zitangoperedwa pa makina, zisananoledwe, ndipo ntchito yoyamba ya mwini wake ndi kuzinola. Ndinganene mosaopa kuti munthu amene wapereka sabata yake yoyamba ku mwala wonolera, osakhudza thabwa n'komwe, amadzapitirira mnzake amene anayamba ndi tebulo.

Kuthwa ndi pamene mbali ziwiri zosalala zakumana popanda chotsala pakati. Tchizulo ndi mpeni wa puleni zili ndi msana wathyathyathya ndi mbali yopendekera. Yambani ndi msana. Ugonekeni pamwala, tsinikizani pafupi ndi nsonga, n'kumapekesa mpaka masentimita awiri akumapeto awale mofanana. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa koma imachitika kamodzi pa moyo wa chidacho. Kenako tembenuzani. Mbali yopendekera imabwera ili pa madigiri 25, ndipo kunsonga kwenikweni timanola pa madigiri 30 kuti isamabenthuke msanga. Chopimira madigiri sichofunika: ikani chizindikiro pa chitsulo masentimita 10 kuchokera kunsonga, ndipo chizindikirocho chikatukuka masentimita 5 kuchokera pamwala, muli pa madigiri 30. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti, thupi lonse lizipita ndi kubwera kuti dzanja lisamagwedere.

Mudziwa bwanji kuti mwafika? Sisitani chala kumsana, kuchokera kumbuyo kupita kunsonga. Mukamva kachitsulo kopyapyala kakukanda kuyambira kona ino mpaka inayo, ndiye kuti mbali ziwiri zija zakumana. Kasanaoneke, musasiye, ngakhale chitsulo chiwale chotani. Kakaoneka, pitani ku mbali yosalala ya mwala, bwerezani pang'ono, gonekaninso msana kuti kachitsuloko kathothoke, kenako kokerani chidacho chambuyo pa chikopa chakale chomatidwa pathabwa. Poyesa musamete ubweya wa pamkono. Dulani chopingasa kumapeto kwa kathabwa ka paini: chida chakuthwa chimasiya posalala, chobuntha chimaphwanya mitsempha n'kusiya poyera pokhakhala.

Mwala wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala, umapezeka m'mashopu ndipo umafuna madontho a mafuta opepuka kapena parafini. Pekesani pamwala ponse, osati pakati pokha, chifukwa mwala wokumbika pakati umanola chokhota. Ukakumbika, upekeseni pa simenti yosalala ndi mchenga ndi madzi. Amene alibe mwala angamate sandipepa yosaopa madzi pa chidutswa cha galasi lochindikala, kuyambira yokhakhala kutsirizira yosalala. Miyala ya kumtsinje imene timanolera nkhwangwa ndi zikwanje imachita bwino pa kasemasema, koma pa puleni pamafunika pathyathyathya penipeni. Ndipo mukapita nacho chida kwa owotcherera zitsulo kuti achipere pa makina, imirirani pomwepo ndi chitini cha madzi. Nsonga ikasanduka yabuluu, kuuma kwake kwapita, ndipo siidzagwiranso kuthwa mpaka mbali yopsayo itaperedwa yonse.

Mmisiri wozolowera amanola kangapo pa tsiku, mphindi ziwiri zokha ulendo uliwonse. Pa mitengo yolimba ya kuno, zimenezi si zachilendo.

Madzi a mu mtengo

Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ambiri, nthawi zina theka la kulemera kwake. Oyamba kuchoka ndi madzi a m'timipata ta mkati, ndipo apo mtengo sunayambe kusintha. Chinyezi chikatsika kufika pa 30 peresenti kapena pamenepo, mitsempha yeniyeniyo imayamba kuuma ndipo thabwa limayamba kuchepa. Limachepa m'lifupi ndi m'kuchindikala, koma m'litali pafupifupi osasintha. Limachepanso mosafanana: motsata mizere yozungulira ya mtengo limachepa pafupifupi kawiri kuposa kuchokera pakati kupita kukhungwa. Ichi n'chifukwa chake thabwa lochekedwa m'mbali mwa chipika limapindika, pamene lodutsa pafupi ndi pakati limakhala bata. Zitseko zambiri zimene zili ndi mipata yoonera kunja zinali zothina bwino tsiku limene mmisiri ankazipereka. Anazipanga ndi matabwa aawisi chifukwa mwini wake anali pachangu.

Matabwa a ocheka ndi macheka padzenje, kapena a makina odulira mitengo, amafika aawisi. Aumikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la Okutobala limene limang'amba thabwa m'masiku ochepa. Yalani njerwa kuti mulu ukwere kuchoka pansi, kuthawa chiswe ndi chinyontho. Pakati pa thabwa ndi thabwa ikani timitengo touma tochindikala masentimita awiri, totalikirana theka la mita, ndipo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka m'munsi, apo ayi matabwa adzauma okhota. Pamwamba sanjikani miyala. Kumapeto kwa thabwa ndiko kumatulukira madzi msanga, n'chifukwa chake kumang'aluka, ndiye pakaniko penti yotsala kapena phula. Mabuku a ku Ulaya amati thabwa la mtengo wolimba limafuna chaka chathunthu pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala. Chilimwe cha kuno n'chouma kwambiri ndipo zimafulumirako, komabe musadalire kalendala. Sankhani thabwa limodzi, muziliyeza pa sikelo yogulitsira chimanga sabata iliyonse n'kulemba pomwepo. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata angapo, lauma monga mpweya wa kwanuko ungalolere.

Tsono mtengo wanji? Mfumu ya matabwa kuno ndi mlombwa, umene ku Zambia amautcha mukwa, uja wotuluka utomoni wofiira ukatemedwa. Umachepa pang'ono pouma, supindika wamba, umapalika bwino, ndipo mtima wake wofiirira chiswe sichiukonda. Mbali yoyera ya kunja ndiyo imafumbwa, ichotseni. Koma mlombwa umakula pang'onopang'ono zedi. Kamtengo kake kamatha zaka zingapo kakuphuka dzinja n'kufota chilimwe, kakumanga mizu pansi, kasanayambe n'komwe kukwera, ndipo mtengo wopereka matabwa otambalala ndi wamkulu kuposa amene akuudula. Woyamba kumene asaphunzirire pa mtengo wotere. Tsanya, wa m'zigwa zotentha ngati Luano ndi Luangwa, ndi wolemera moti umamira m'madzi, ndipo umabunthitsa zida msanga, koma nyundo yamtengo kapena zikhomo zake sizitha. Mitengo yambiri ya miombo ili ndi mitsempha yopingasana imene imang'ambika pansi pa puleni, ndipo imafumbwa msanga. Ophunzirira abwino ndi malaina, amene anachokera ku India ndi maiko oyandikana nawo ndipo ndi opepuka, ofewa, ngakhale amachedwa kuuma, komanso mango wakale wogwa pakhomo, ndi paini wa m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt amene amagulitsidwa mu Lusaka pamsika wa Buseko. Zidutswa zotsala kwa akalipentala, matabwa a bedi lothyoka ndi zitseko zakale ndi chuma, chifukwa zinauma kalekale. Zulani misomali yonse kaye, popeza msomali umodzi wobisika umabenthula mpeni wa puleni umene munaunola tsiku lonse.

Palinso lamulo. Lamulo la nkhalango la Zambia la 2015 limafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango podula mitengo ya matabwa ndi poinyamula, ndipo linatsegulanso njira yoti midzi ipange magulu osamalira nkhalango zawo. Kumene gulu lotere lilipo, lili ndi malamulo ake a malo odula ndi osadula, ndiponso nyakwawa iyenera kudziwa. Chimene chinachitikira mukula chikhale phunziro: mtengowu utayamba kufunidwa ku China popangira mipando yofiira yamtengo wapatali, unadulidwa mosasamala m'madera ambiri a Zambia, boma n'kumaletsa ndi kutsegula mobwerezabwereza. Mu 2019, pa pempho la dziko la Malawi, mukula unalowa pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, ndipo mu 2022 mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinalowanso. Aliyense woyenda pa Great East Road amaonanso matumba a makala ali ndanda m'mbali mwa msewu kudikira malole a ku Lusaka. Pa nkhani imeneyi munthu wa sowo ndi puleni ali ndi mwayi: mtengo umodzi wogwa ndi mphepo, wochekedwa ndi kuumikidwa bwino, ungamupatse ntchito ya chaka chonse.

Benchi, thabwa loyamba ndi mpando

Thabwa likamagwedera, palibe chida chimene chingagwire ntchito. Vayisi ndi yodula, koma si yofunika poyamba. Pezani thabwa lochindikala, lotalika mita imodzi ndi theka, muliboole mabowo anayi n'kukhomamo miyendo kuti lifike m'mawondo. Pamwamba boolani mabowo ena olowetsamo zikhomo. Popala, thabwa limagunda zikhomo ziwiri kutsogolo, pocheka mumaliponda ndi bondo, poboola ndi tchizulo mumalikhalira. Amisiri a ku Roma wakale ankagwira ntchito pa mabenchi aafupi otere, ndipo ena anafukulidwa m'zitsime za ku Saalburg ku Germany.

Musanapange kanthu, tengani kathabwa ka theka la mita mukaongole mbali zonse zinayi. Mpeni wa puleni utuluke pang'ono zedi, woti muuone pokhapokha mutatembenuza puleni n'kuyang'ana motsata pansi pake, ndipo utuluke mofanana uku ndi uku. Kachitsulo kophimba mpeni kakhale milimita imodzi kuchokera kunsonga. Poyamba kukankha, tsinikizani kutsogolo, potsiriza tsinikizani kumbuyo, apo ayi mudzadya kumapeto konse kuwiri n'kusiya linunda pakati. Thabwa likamang'ambika, litembenuzeni mupale kuchokera mbali inayo, monga munaonera pa mthiko. Palani nkhope imodzi mpaka rula isaonetse kuwala. Kuti muone ngati lapotoka, sanjikani timatabwa tiwiri tofanana chopingasa, kena kuno kena uko, n'kuwerama kutiyang'ana: tikapanda kugona mofanana, makona awiri opingasana ndi okwera. Ikani chizindikiro pa nkhopeyo, kenako palani m'mphepete mumodzi mpaka sikweya ivomere, n'kuikanso chizindikiro. Miyeso yonse yotsatira iziyambira pa mbali ziwiri zimenezi zokha. Polemba podula, mpeni umaposa pensulo chifukwa umasiya kanjira kamene sowo ndi tchizulo zimagweramo, ndipo sowo izidutsa kumbali yotaya, mzere utsale.

Chopanga choyamba chikhale mpando wa miyendo itatu, chifukwa sugwedera ngakhale pabwalo losasalala. Boolani mabowo atatu opendekera kunja pang'ono m'thabwa lochindikala, semani miyendo youma kwambiri kuti ilowe mothina, chekani kampata pamutu pa mwendo uliwonse, n'kukhomamo weji. Wejiyo ikhale yopingasa mitsempha ya thabwa lokhalapo. Mukaiika motsata mitsempha, mwawaza mpando wanu nokha.

Kenako yesani katebulo, ndipo apa ndi pophunzirira mfundo imene akalipentala amati motisi ndi tenoni, bowo la makona anayi ndi lilime lolowamo. Lilimelo lichindikale gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwa. Yambani ndi bowo, mukumbe kuchokera pakati kupita kumapeto, n'kusiya pang'ono kumizere kuti mutsirize mosamala, kenako chekani lilime molingana ndi bowolo. Liyenera kulowa ndi dzanja kapena kugogoda pang'ono, losafuna kumenyedwa, losagwanso lokha. Guluu woyera wa m'mashopu amagwira bwino koma amaopa madzi. Popanda makilampu pali njira yakale: boolani bowo la chikhomo kudutsa mwendo, ndipo pa lilime liboolereni milimita imodzi kapena iwiri chakuphewa, kuti chikhomo polowa chikoke mfundoyo ithine yokha. Guluu asanaume, yezani felemu kuchokera kona kupita kona yopingasana nayo mbali zonse ziwiri, ndipo miyesoyo ifanane. Thabwa la pamwamba musalimate ndi guluu kuzungulira. Lidzatupa mu Febuluwale n'kuchepa mu Okutobala chaka ndi chaka, ndiye limangeni ndi masikulu olowa m'mabowo otalikirako kuti lipeze poyendera.

Manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa tchizulo nthawi zonse, ndipo musaseme molozetsa pantchafu. Chipatala chachikulu cha dera lino, St Luke's ku Mpanshya, si chapafupi kwa munthu amene akutaya magazi, ndipo bala la chitsulo chadzimbiri limafuna katemera wa kafumbata. Fumbi la mlombwa limayetsemulitsa ndi kuyabwa anthu ena, choncho sandipepa muzichitira panja.

Potsiriza, vanishi si yokhayo. Phula la njuchi losungunulidwa ndi mafuta pang'ono, lopakidwa ndi kansalu n'kupukutidwa, limakwanira pa mpando ndi tebulo la m'nyumba, ndipo alimi ena a njuchi amalitaya akafinya uchi. Oyilo wakuda wa injini ndi wa mizati ya khola, osati wa mipando yokhalira ana. Amene ntchito yamukoma ndipo akufuna pepala angakayesedwe ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ku Zambia, limene limapereka mayeso a luso ngakhale kwa amene anaphunzirira pansi pa mtengo.

Mvula ikayamba, zida zimachita dzimbiri usiku umodzi. Sungani kansalu konyowa mafuta m'kachitini, muzipukuta chitsulo chilichonse mukaweruka, ndipo zida zizigona m'bokosi lotseka, lokwezedwa pansi, mano a sowo ataphimbidwa ndi kathabwa kong'ambidwa mpata. Oyandikana nawo akangomva kuti muli ndi zida adzabwera kudzabwereka, ndipo kumudzi kukaniza n'kovuta. Hamala ndi tepi zipite. Tchizulo imene munainola bwino ikapita imakatsegula chitini cha penti kapena kuzula misomali, ndiye gulani ina yotchipa yobwereketsa. Wofuna puleni muuzeni abwere ndi thabwa lake, adzapalire pa benchi lanu inu muli pomwepo.